Campanula yoyala pansi: iti yoti mubzale, iti yoti muithawe?

Anthu ambiri akamasankha campanula, chomera cha maluwa ooneka ngati timabelu kapena tinyenyezi, yoti iphimbe dothi pagadeni amayamba ndi duwa, kuti kaya ndi lapepo kaya labuluu kaya loyera, koma ine ndimati duwa muliyang'ane pomaliza. Choyamba funsani kuti chomeracho chimayenda bwanji. Pa chithunzi mitundu yonseyi imaoneka ngati umodzi, timaluwa tapepo pamwamba pa timasamba tobiriwira basi, koma pansi pa dothi ndiye kuli nkhani ina, ina imakhala phee pomwe mwaibzala, ina imayala pang'onopang'ono, ina imathamanga mpaka kukatulukira pakati pa njerwa za kanjira, ndipo pali umodzi umene ukangolowa m'munda mwanu mudzalimbana nawo kwa zaka.

Banja la Campanula ndi lalikulu, mitundu yake ndi mazanamazana, yambiri ya ku Ulaya, mbali za nyanja ya Mediterranean mpaka kumapiri a Caucasus. Nde mukapeza kapepala pa poto kangolembedwa kuti Campanula basi, sikanakuuzeni kanthu. Dzina lachiwirilo, lalitali lovuta kutchulalo, ndi lomwe lili ndi ntchito. Ngati wogulitsa sakulidziwa jambulani masamba ndi duwa pafoni mukafufuze kaye, musabzale chinthu chosachidziwa.

Imene anthu ambiri amatanthauza akamati campanula yoyala ndi Campanula poscharskyana. Kwawo ndi kumapiri a miyala a Dinaric, mbali za Croatia, Bosnia ndi Montenegro, kumene imamera m'ming'alu ya matanthwe, nde musadabwe mukaona kuti dothi lowonda siliiopsa. Duwa lake limatseguka kwambiri n'kukhala ngati kanyenyezi ka nsonga zisanu, labuluu wotumbuluka wopita ku pepo. Masamba ndi ooneka ngati mtima, a timano m'mbali. Chitsinde chenicheni n'chachifupi, masentimita 10 kapena 15, koma ikafika nthawi ya maluwa chimatulutsa nthambi zazitali zofooka zimene zimagona pansi, kapena kulendewera pa khoma, kapena kukwera pa chomera chilichonse chimene chili pafupi, ndipo pansi mizu yake nayo ikuyenda n'kumatulutsa mphukira zatsopano. Chomera chimodzi chimatha kutenga malo a masentimita 60 kapena kuposa.

Pa mitundu yonse yoti munthu angabzale, iyi ndiye imapirira mthunzi kwambiri. Pansi pa zitsamba, m'mbali mwa khoma limene dzuwa limangofikapo m'mawa, pamtsetse pomwe dothi limauma msanga, m'mipata ya masitepe a miyala, malo onse ovutawa imagwira. Ngati muli ndi malo aakulu opanda kanthu ndipo mukufuna atsekeke msanga, palibe ina imene ingaipose. Koma mphamvu yomweyo ndi imene imabweretsa vuto. Mukaiika pakati pa timaluwa ting'onoting'ono tosakhwima imatikwera pamwamba n'kutitsekera dzuwa, chaka chachiwiri mudzangoona campanula yokhayokha. Komanso imagwetsa njere, nde timbande timamera pomwe simunaganize, ndipo kamuzu kakalowa mu mng'alu wa khoma kuchotsa kwake ndi ntchito chifukwa mumangothothola masamba, muzu n'kutsala m'katimo.

Chimene chimandisangalatsa pa poscharskyana n'choti kuikonza maluwa akatha sikufuna olo sizasi. Mumangogwira nthambi zazitali zija m'manja, kukoka pang'ono, zimathothoka zokha patsinde, pansi n'kutsala kamulu ka masamba kaukhondo. Pothyokapo pamatuluka timadzi toyera ngati mkaka, tomata pang'ono m'zala, musaope, ndi mmene banja lonseli lilili. Mukachita zimenezi njere zisanakhwime mwathana ndi theka la vuto la kufalikira, ndipo nthawi zambiri imaphukanso maluwa ena, ochepako. Ngati mukuifuna koma mukuopa liwiro lake, funani yotchedwa 'Stella', yapepo wowala, imadziletsako poyerekeza ndi yakutchire ija, ndipo inalandira Award of Garden Merit, mphotho ya zomera zochita bwino pagadeni, ya bungwe la Royal Horticultural Society la ku Britain. 'E.H. Frost' ndi yoyera yokhala ndi kabuluu pang'ono, imaoneka bwino pamthunzi. Pali ndi 'Lisduggan Variety' yopita ku pinki.

Yachiwiri, imene ine ndingauze munthu aliyense wa gadeni yaing'ono kuti ayambe nayo, ndi Campanula portenschlagiana. Pa mapepala ena akale mupeza yalembedwa kuti Campanula muralis, ndi yomweyo. Kwawo ndi kumapiri a Dalmatia ku Croatia, ndipo inatchedwa dzina la Franz von Portenschlag-Ledermayer, katswiri wa zomera wa ku Austria amene anamwalira mu 1822. Anthu amaisokoneza ndi poscharskyana daily, maina onse amayamba ndi "po" ndipo masamba amafananako, koma yang'anani duwa. La portenschlagiana ndi belu leni-leni, kapaipi kamene kamangotseguka kunsonga, lapepo wakuda bwino, pamene la inzake ija ndi nyenyezi yotseguka. Masamba ake ndi aang'onoko, osalala, ndipo m'malo osazizira kwambiri amakhala obiriwira chaka chonse.

Iyi siitulutsa nthambi zazitali zoyendayenda. Imapanga mphasa yothinana ya masentimita 10 mpaka 15 kutalika, imakula m'mbali pang'onopang'ono mpaka masentimita 50 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ikafika pachimake maluwa amachuluka mpaka masamba osaoneka. Mizu imayenda, inde, koma mayendedwe ake ndi oti mukhoza kuwaona akubwera, mukadula m'mbali ndi fosholo kamodzi pachaka nkhani yatha. Chifukwa chothinana imatsekanso udzu bwino kuposa poscharskyana, imene pena imasiya mipata pakati pa nthambi zake. Nayonso ili ndi Award of Garden Merit ija. Pomwe imagonja ndi pa liwiro ndi pa mthunzi wambiri, ikasowa dzuwa maluwa amachepa, ndipo malo aakulu imatenga nthawi kuti iwatseke, ndekuti muyenera kubzala zambiri moyandikana kapena kukhala ndi mtima wodikira.

Pakati pa ziwirizi pali 'Birch Hybrid', imene inabadwa pophatikiza mitundu iwiri yomweyi. Duwa ndi belu lotsegukako, lapepo, imaphuka nthawi yaitali, imayala kuposa portenschlagiana koma siifika pa poscharskyana. Mukaipeza tengani, ingokumbukirani kuti iyi mumaichulukitsa pogawa chitsinde, osati ndi njere.

Nde pali Campanula carpatica, ya kumapiri a Carpathian, imene imagulitsidwa kwambiri m'timapoto itadzaza maluwa. Kukongola ndi yokongola shuwa, maluwa ake ndi aakulu kuposa a ziwiri zija, ngati timakapu toyang'ana kumwamba, 'Blue Clips' ndi 'White Clips' ndi zodziwika kwambiri. Koma kunena zoona iyi si yoyala, anthu amangoiika m'gulu. Imapanga kamulu kozungulira ka masentimita 20 mpaka 30 n'kukhala pomwepo, ilibe mizu yoyenda, ndipo siikhalitsa, pakapita zaka zochepa pakati pa kamuluko pamayamba kufa. Mukabzala zambiri moyandikana ziphimba dothi kwa kanthawi, kenako imodzi ikafa pamatsala dazi, udzu n'kulowa. M'mphepete mwa kanjira kapena mupoto ndi yabwino zedi. Yophimbira malo, ayi.

Tiwiri ting'onoting'ono ndingotitchula mwachidule. Campanula cochleariifolia ya kumapiri a Alps, Pyrenees ndi Carpathian ili ndi timabelu tating'ono tolendewera, siipitirira masentimita 10, imayenda ndi timizu towonda pakati pa miyala, koma ndi yofooka moti udzu umaigonjetsa, imafuna dothi la timiyala losasunga madzi, nde ndi ya m'mipata ya miyala yoyala pansi basi. Campanula garganica ya ku phiri la Gargano ku Italy ili ndi nyenyezi ngati poscharskyana koma ndi yodekha, siithamanga, ndipo 'Dickson's Gold' ili ndi masamba achikasu amene amakongola olo maluwa palibe. Malo a mita imodzi kapena awiri zikwanitsa, oposa pamenepo mukuzizunza.

Tsopano yoti muithawe. Campanula rapunculoides ndi ya ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Siberia, anthu anapita nayo ku North America ngati duwa la pagadeni, lero ndi udzu wovutitsa kumeneko moti chigawo cha Alberta ku Canada chinaiika pa mndandanda wa zomera zowononga zimene lamulo limafuna kuti zithanidwe nazo. Ikakhala yaing'ono imanyenga, timasamba ta pansi ndi tooneka ngati mtima ngati ta anzake aja, ndipo imayaladi, munthu n'kumati ndapeza chophimbira dothi chabwino. Ikaphuka ndi pomwe mumaizindikira, imaimika phesi lalitali lofika mpaka mita imodzi, mabelu apepo akulendewera mbali imodzi yokha ya phesilo. Mukaona zimenezo dziwani kuti ndi iyeyo.

Vuto lake lili pansi. Pamwamba pali timizu toyera towonda toyenda m'mbali, timene timaduka msanga mukakoka, koma mukakumba masentimita 15 kapena kupitirira mupeza mizu yonenepa yoyera ngati tikaroti, m'menemo ndi momwe imasungira chakudya. Mukazula ndi manja mumangochotsa za pamwamba, muzu wonenepa uja umaphukanso, ndipo kachidutswa kalikonse kotsala kakhoza kukhala chomera chatsopano. Phatikizanipo njere, chomera chimodzi chikhoza kubala mpaka 15,000. Mankhwala ena ophera udzu monga 2,4-D saiopsa kwenikweni. Imalowa mu kapinga, pansi pa mpanda mpaka kwa aneba, pakati pa mizu ya maluwa ena moti kuti muichotse muyenera kuzula maluwawo, kutsuka mizu yake ndi madzi, kusankha timizu toyera timodzitimodzi. Ndipo nthawi zambiri siibwera pogula, imabwera ngati mphatso, munthu wakupatsani kachitsinde ati tengani imeneyi siivuta imamera paliponse. Mawu akuti "imamera paliponse" mukawamva funsani bwinobwino. Pena imagulitsidwanso molakwika ndi dzina la Adenophora, chomera china chofanana nayo kwambiri.

Campanula punctata ndi Campanula takesimana ya ku Korea nazonso zimayenda ndi mizu mwamphamvu, mabelu ake ndi aakulu okongola a madontho m'kati, sizoopsa ngati rapunculoides koma ndi zazitali, si zoyala, ndipo pa dothi lachonde lonyowa zimafuna malire.

Musanasankhe pali chinthu chimodzi chimene chimakhudza mitundu yonse, nyengo ya komwe mukukhala. Izi ndi zomera za kumapiri, kuzizira sizikuopa, zambiri zimapirira olo chisanu choumitsa madzi. Chimene zimadana nacho ndi kutentha kophatikiza chinyezi, makamaka usiku wotentha, ndi madzi odikha pa mizu. Kumalo ozizira ziikeni padzuwa kapena pamthunzi pang'ono. Kumalo otentha ziikeni pomwe dzuwa limafika m'mawa okha, masana pakhale mthunzi, ndipo yambani ndi poscharskyana kapena portenschlagiana, chifukwa carpatica ndi cochleariifolia ndi zimene zimayamba kugonja kukatentha. Ngati kwanu n'kotentha chaka chonse yesani zomera ziwiri zitatu kaye muone ngati zidutse nyengo yotentha ndi ya mvula, osagula thireyi yonse.

Dothi likhale lotaya madzi msanga. Lamakande lomata lija, limene mvula ikagwa madzi amakhala tsiku lonse, limawoletsa tsinde, mumangoona pakati pa mphasa pachita bulauni, mukakoka zonse zikuzuka zili nyeketenyekete. Ngati dothi lanu ndi lotero sakanizani kompositi ndi timiyala ting'onoting'ono, kapena kwezani bedi, kapena bzalani pamtsetse. Zimakonda dothi lopanda asidi wambiri, ndi chifukwa chake zimasangalala pafupi ndi makoma akale ndi miyala ya laimu. Fetereza wambiri ndi wosafunika, amangochulukitsa masamba ofewa, maluwa n'kuchepa, nkhono n'kusangalala. Kompositi pang'ono kamodzi pachaka yakwana.

Za kabzalidwe, njira zilipo zinayi ndipo sizofanana. Njere ndi njira yopezera mbande zambiri nthawi imodzi, ndipo kwa carpatica ndiye njira yake yeniyeni. Koma njere za campanula ndi fumbi lenileni, mukayetsemula zapita. Mumaziwaza pamwamba pa dothi losefa lonyowa, kutsindira pang'ono ndi chala, osakwirira chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere, kuthirira ndi kabotolo kopopera kapena kuika thireyi m'madzi kuti inyowe chochokera pansi. Pa kutentha kwa madigiri 15 mpaka 20 zimamera pakati pa sabata ziwiri ndi zinayi, timbande take tating'ono kwambiri moti miyezi yoyamba simungatiike pansi. Ndipo njere za 'Stella' kapena 'E.H. Frost' sizikutsimikizirani kuti mwana adzafanana ndi make.

Kugawa chitsinde ndiye njira imene ine ndimaiika patsogolo pa mitundu yoyala. Mumakumba chitsinde chokhwima, kuching'amba ndi manja kapena kudula ndi mpeni, chidutswa chilichonse chikhale ndi mizu ndi timasamba, kubzala nthawi yomweyo, kuthirira. Chitani kunja kukuzizira bwino, maluwa asanayambe kapena atatha, osati pakati pa dzuwa loswa mtengo. Zogawa zimagwira msanga, zimafanana ndendende ndi make, ndipo chitsinde chakale chimapindulanso chifukwa pakapita zaka zitatu kapena zinayi chimafunika kugawidwa kale. Poto mmodzi wodzaza bwino wa portenschlagiana akhoza kukupatsani zidutswa zitatu kapena zinayi tsiku lomwe mwagula, bola mulolere kuti chaka choyamba zioneke zonyozeka.

Kudula mphukira kumathekanso, mumatenga timphukira tatsopano ta patsinde tisanakhale ndi maluwa, kutibaya mu mchenga wosakaniza kompositi, kutiika pamthunzi mpaka titagwira mizu. Ndi njira yabwino ngati simukufuna kusokoneza chitsinde chimene chamera pa khoma. Kugula mbande zokwanira malo onse ndi njira yachangu, palibe zambiri zoti ndinene, kungoti potembenuza poto yang'anani mizu, ikhale yoyera, osati yabulauni yonunkha, ndipo musatengeke ndi poto wodzaza maluwa, amene ali ndi masamba ambiri athanzi ndi amene amagwira bwino.

Mpata wake, portenschlagiana masentimita 25 mpaka 30, zimene zikutanthauza mbande 11 kapena kuposerapo pa sikweya mita imodzi. Poscharskyana mukhoza kutalikitsa mpaka 40 kapena 45, idzatseka yokha. Musakwirire tsinde, likhale pa mlingo womwe linali mupoto. Koma ntchito yaikulu ndi ya musanabzale. Anthu amaganiza kuti chomera choyala chimapha udzu umene ulipo kale, ayi, chimangoletsa njere zatsopano kumera chikatseka malo. Udzu wa mizu yoyenda ngati kapinga mukausiya m'dothi udzatulukira pakati pa mphasa, ndipo pamenepo simungapalire ndi khasu, mudzazula ndi zala mpaka kale. Nde kumbani, sankhani mizu yonse, dikirani sabata zingapo muone zomwe zimerenso, muzulenso, kenako mubzale. Chaka choyamba thirirani pafupipafupi ndi kupalira m'mipata, zikagwira zimapirira kuuma ndithu, makamaka poscharskyana, muzingothirira dothi likauma ndipo madzi apite pansi, osati pamasamba madzulo.

Adani ake si ambiri. Nkhono, za chigoba ndi zopanda chigoba zomwe, ndi nambala wani, zimakonda mbande ndi mphukira zanthete, carpatica ndiye zimaimaliza usiku umodzi, pamene ziwiri zoyala zija zikakhwima zimapirira, kungoti mphasa yake imasanduka pobisalira nkhono zimene zimakadya maluwa ena oyandikana nawo. Tukulani m'mbali mwa mphasa m'mawa mudzazipeza zitaunjikana, tolani. Pena pansi pa masamba pamabwera timadontho ta olenji, ndi chiwawu chimenecho, dulani masamba ogwidwawo mukataye kutali. Njuchi zimabwera zambiri pa maluwawa, nde zopopera mankhwala nthawi ya maluwa zisiyeni.

Maluwa akatha portenschlagiana ndi 'Birch Hybrid' mumazimeta ndi sizasi pamwamba, carpatica mumachotsa maluwa ofota kuti ipitirize kuphuka. Ndipo palibe olo imodzi mwa izi imene imapirira kupondedwa, si kapinga, ngati ndi podutsa anthu ikani miyala yopondapo campanula idzaze m'mipata.

Kwa amene rapunculoides inalowa kale, musataye mtima koma musayembekeze kuti ithe chaka chimodzi. Dulani phesi lililonse lisanabale njere, kumbani ndi foloko dothi likanyowa kuti mizu yonenepa ija ituluke yathunthu, bwererani pamalopo sabata zingapo zilizonse kuzula chilichonse chimene chatuluka kuti muzu wotsala uthe mphamvu. Zimene mwakumbazo musaponye pa kompositi, ziikeni m'thumba zipite ku zinyalala, ndipo musagawireko munthu maluwa ena alionse ochokera pa bedi limenelo osatsuka mizu.